Peugeot 404 ya malemu bambo: momwe ntchito ikuyendera kuno ku Ngabu

Meyi 2024

Galimotoyi ndi Peugeot 404 pikapu, ya petulo, yomwe malemu bambo ankanyamulira thonje ndi anthu pakati pa Ngabu, Bangula ndi Nsanje. Inaima mu 2014 injini itatentha pa chitunda cha Thabwa, ndipo chiikokereni kuno sinalirenso. Pamene ndikuyamba zolembazi ili chonchi: yakhala pa njerwa, matayala onse anang'aluka ndi dzuwa, matabwa a kumbuyo chiswe chinamaliza, injini sizungulira. Madzi a namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anafika m'munsi mwa zitseko, a Freddy mu Malichi 2023 anabwerezanso, ndipo matope omwe anasiya anauma gwa pansi pa mpando. Magalasi onse alipo. Blue book ilipo, mayi anaisunga m'sutikesi pamodzi ndi kalata yawo ya ukwati.

Zaka zonsezi maganizo anali oti ndidzasonkhanitse ndalama yokwanira, ndiikokere ku galaja ku Blantyre, ikakonzedwe kamodzin'kamodzi. Koma kuno kuchigwa ndalama sigona pamalo amodzi. Ukagulitsa thonje, fizi ya ana yadikira kale. Ukagulitsa mbuzi, madzi agwetsa khoma la khitchini. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye ndalama yomwe kale ikanakonza galimoto yonse lero ikungokwana batire ndi matayala. Nthawi nayo n'chimodzimodzi. Lolemba mpaka Lachisanu ndili m'kalasi, Loweruka kuli maliro, chinkhoswe kapena kudimba, Lamulungu kutchalitchi.

Amene asintha zinthu ndi malume. Anagwira ntchito ya umakaniko ku Limbe moyo wawo wonse, pano anapuma, akukhala kumudzi cha ku Miseu Folo. Atabwera kudzazonda mayi mwezi watha, anaizungulira galimoto, n'kugogoda chitseko ndi ndodo yawo, n'kunena kuti: "Mphwanga, galimoto iyi sikudikira miliyoni ayi. Ikudikira munthu woti adzuke Loweruka. Ine maso akupita, manja ayamba kunjenjemera, koma khutu lidakalipo. Ukachedwa upeza nalonso lapita."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa mwa onse omwe ankaidziwa galimotoyi m'kati ndi kunja atsala ndi iwo okha. Tinagwirizana zitatu. Loweruka lililonse tiziyamba kukangoyera, tiziweruka dzuwa likayamba kuluma cha m'ma 9 koloko. Tsiku lililonse tizisankha ntchito imodzi yoti iyambe ndi kutha tsiku lomwelo, tiilembe pa katoni yokhomedwa pamtengo. Ndipo sitigula sipeya iliyonse ntchito yomwe ikuifuna isanafike. Malume amabwera pa kabaza. Munthu wamkulu chotero akafika pakhomo pako mbandakucha, sungamuuze kuti lero ndatopa.

Ntchito yoyamba sinali ya galimoto. Tinamanga chisakasa cha milimo ndi masamba a mlaza. Kuno sipanala ukaisiya padzuwa kanthawi kochepa suigwiranso ndi dzanja, ndiye popanda mthunzi palibe chomwe chingachitike. Loweruka lotsatira tinachotsa mpando, n'kupala matope onse ndi khasu laling'ono ndi bulashi ya waya. Pansi pa mapazi a dalaivala padyeka dzimbiri mpaka kuboola, mbali ya wokwera padakali bwino.

Juni

Mwezi wonse uno wathera pa kumasula injini.

Mapulagi a 404 amakhala pansi pa timachubu takuya todutsa pa chivundikiro cha pamwamba pa injini, ndiye amafuna soketi yaitali yopyapyala. Malume anabwera ndi yawo, yakuda bii, yomwe akuti anagula akungoyamba kumene ntchito. M'timachubu tiwiri munali zisa za mavu zadothi. Tinayamba tazikokota ndi waya n'kupopera mpweya ndi pampu ya njinga, kuti dothi lisagwere m'silinda pomasula pulagi. Kenako tinathira m'bowo lililonse dizilo wosakaniza ndi oyilo wofiira uja wa giyabokosi ya otomatiki, n'kutsekapo ndi sanza, n'kusiya sabata yathunthu.

Anyamata a pa galaja ya pamsika anandiuza kuti ndingoika chitsulo chachitali pa bawuti ya kutsogolo n'kudumphirapo. Malume anakana kwamtuwagalu. Akuti injini yomwe yagona nthawi yaitali chonchi maring'i amakhala atamatirira kukhoma la silinda ndi dzimbiri, ndipo ukaikakamiza umathyola maring'i kapena kupinda chitsulo chogwira pisitoni, basi ntchito ya sabata imodzi yasanduka ya chaka. Njira yawo ndi yoigwedeza ili m'giya. Izi zinafuna kuti iyambe yatsika panjerwa, ndiye ndinapita ku Nchalo kukapeza matayala a saizi 15 ogwiritsidwapo kale, oti angosunga mpweya basi. Madiramu a mabuleki akumbuyo anali atagwirana ndi nsapato zake. Tinawagogoda ndi hamala mozungulira, pang'onopang'ono, mpaka analekana.

Giya ya 404 ili pa chiwongolero, ndipo mfundo zake zonse zinali zitauma, tinayamba tazitsuka ndi palafini. Titalowetsa giya ya folo, ndinalemba mzere ndi choko cha kusukulu kuyambira pa pulley ya kutsogolo kufika pa thunthu la injini. Ana a pamudzi anali okonzeka kale kukankha. Kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo, mosaponya mphamvu. Mzere osasuntha. Tinawonjezera dizilo, n'kusiya. Loweruka linalo chimodzimodzi.

Apa ndi pomwe munthu amafooka. Ukabwerera m'nyumba manja akununkha dizilo koma palibe choti uloze kuti ichi ndachita. Chomwe chinandigwira mtima ndi katoni ija. Malume anaumirira kuti injini ikakana tisaweruke chimanjamanja, tipeze kantchito kena kakang'ono koti tikhwatche: kumasula redieta, kutsuka nyale, kulemba manambala pa mawaya omwe makoswe anadula. Katoni ikumadzaza ndi mizere yokhwatchidwa, ndipo ndikaiona popita kusukulu Lolemba ndimadziwa kuti ntchito ikuyenda ndithu.

Loweruka lomaliza la mwezi mzere wa choko unaduka pakati. Unasuntha pang'ono chabe, osapitirira chikhadabo, koma malume anauona ngakhale maso awo ndi ofooka. Anaimitsa ana, n'kuuza kuti tikankhire kumbuyo, kenako kutsogolonso. Dizilo wakuda anatumphuka m'mabowo a mapulagi mpaka kudetsa malaya a mwana wa mlongo wanga, ndipo injini inazungulira yonse.

Julayi ndi Ogasiti

Kuzizira kwa Julayi ndi tchuthi cha sukulu zatipatsa mpata woposa wa Loweruka lokha, ndiye tinatsegula mutu wa injini.

Injini iyi ndi ya 1618 cc, ya masilinda anayi, yoikidwa mopendekeka madigiri 45 kuti boneti ikhale yotsika. Mutu wake ndi wa aluminiyamu, thunthu ndi lachitsulo, ndipo masilinda ake ndi masilivu ochita kulowetsa, ozunguliridwa ndi madzi, okhala ndi mphira m'munsi mwake yoletsa madzi kulowa mu oyilo. Amene muli ndi 404 kapena 504 gwirani ichi: mukachotsa mutu, musazungulitse injini musanapanikize masilivu. Pisitoni ikamakwera imatha kunyamula silivu, mphira ija n'kusiya malo ake. Ife tinawapanikiza ndi mawashala akuluakulu ndi tizidutswa ta paipi pa mabawuti a mutu omwewo.

Chomwe chinapha galimotoyi tinachipeza pomwepo. Gasiketi inapsa pakati pa masilinda awiri apakati, koma chinayambitsa ndi madzi. Aliyense wa kuno amadziwa kuti mijigo yambiri ya m'chigwa muno madzi ake ndi amchere, ngakhale sopo sachita thovu bwino. Bambo ankathira omwewo mu redieta poti ndi omwe analipo. Njira za madzi m'mutu wa injini zinadzaza ndi zoyera zoumbika, aluminiyamu inadyeka m'mphepete mwa mabowo, ndipo theka la timachubu ta redieta tinali titatsekeka. Pa msewu wa chidikha wa kuno vuto lotere limabisala. Koma kuchoka pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa kukwera Thabwa, kuchoka m'chigwa chotsika chotere kukafika ku Blantyre komwe kuli pamwamba kupitirira mamita 1,000, injini yosazizira bwino singapirire. Ndalemba kale pa katoni ndi zilembo zazikulu kuti m'galimoto imeneyi muzidzalowa madzi a mvula osakaniza ndi coolant basi.

Mutu ndinaukulunga m'thumba la feteleza n'kukwera nawo minibasi. Ku Blantyre anauyesa ngati ukudontha, anawotcherera pomwe panadyeka, n'kuupala pang'ono kuti ukhale wosalala. Ntchito yawo ndi yabwino, ndakhutira nayo. Kusaka masipeya ndiye kunali kwina. M'mashopu a ku Limbe anyamata ambiri ukatchula 404 amangokuyang'ana, anabadwa galimotozi zitatha kale pamsewu. Ku Ndirande ndinalozeredwa kwa bambo ena achikulire a m'kontena, omwe anatulutsa gasiketi ya mutu idakali m'pepala lake, mapointi ndi kondensa, tizitsulo ta m'distributor (chogawira moto ku mapulagi). Anandifunsa kuti galimotoyo ndi ya ndani, nditawafotokozera anandiwonjezera chivundikiro cha distributor osandilipiritsa, akuti chakhalitsa pashelefu.

Mphira za masilivu ndi maring'i sizinapezeke. Zinabwera ndi mlamu wanga yemwe amayendetsa thanki ya mafuta ku Dar es Salaam. Kumeneko ndi ku Kenya masipeya adakalipo, chifukwa ngakhale ku France 404 ya saluni inasiya kupangidwa mu 1975, ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 1991. Galimoto yomwe inatuluka koyamba mu 1960 kukhalabe ikupangidwa zaka zoposa 30 si nkhambakamwa. Malume akayamba nkhani imeneyi samaliza msanga. Amakumbutsa kuti 404 inapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, m'matope ndi m'fumbi longa lathu lomweli, n'chifukwa chake amalonda a nthawi imeneyo sankafuna kumva za galimoto ina.

Anthu angapo andilangiza kuti ndichotse injini yakaleyi ndiikemo ya Toyota, zithe. Ndikuwamvetsa, ndipo kwa munthu wofuna galimoto ya matola mawa lomwe ndi nzeru yabwino. Ine ayi. Injini iyi ilibe kompyuta, ilibe china chilichonse chomwe sipanala, sikuludiraiva ndi khutu sizingakonze pansi pa mtengo. Ndi imene bambo ankaimvetsera m'mawa uliwonse asananyamuke. Ndikaichotsa ndiye kuti ndatsala ndi chigoba, ndipo zomwe malume akundiphunzitsa zilibenso pogwira.

Pofika kumapeto kwa Ogasiti mapisitoni abwerera m'malo ndi maring'i atsopano, mutu wamangidwa, mabawuti takoka motsatana kuyambira pakati kupita kunja ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yokokera bawuti) yobwereka.

Seputembala

Palibe chachikulu chachitika. Sukulu yatsegulira, kumudzi kwa mayi a kunyumba kunagwa zovuta, kenako malume anadwala malungo, anagona masabata angapo. Chisakasa chinayamba kugonamo mbuzi.

Pakati pa mweziwu panabwera munthu wogula zitsulo zakutha, n'kutchula mtengo wa galimoto yonse. Madzulo ake mayi a kunyumba anandikhazika pansi. "Abambo, ine sindikukana galimoto ya apongozi. Koma tiuzeni, ndalama yake izichokera pati? Chimanga chakwera, ana akufuna mayunifolomu." Funso lawo linali loona, ndipo linafunika yankho looneka ndi maso. Tinagwirizana kuti kamunda ka chitowe ka kuseri kwa dambo ndiko ka galimoto. Zotuluka mmenemo ndi zokhazo zogulira masipeya; malipiro a kusukulu, thonje ndi mbuzi sizikhudzidwa. Chitowe chatipatsako kangachepe chaka chino, ndiye matayala atsopano ndi penti zidikira chaka chamawa. Chigwirizanireni zimenezi, iwo ndi amene akumandidzutsa Loweruka, ndipo anasoka kale nsalu yokutira mpando.

Kuti ntchito isazizire, ndinasamutsira beseni la palafini pakhonde. Madzulo ndikamaliza kuchonga makope a ana ndimatsuka mabawuti ochepa kapena kachitsulo kamodzi, n'kuika m'timabotolo tolembedwa. Mwana wa mlongo wanga uja, yemwe ali Fomu 2, wayamba kubwera yekha osaitanidwa. Ndi amene anamasula kabuleta yonse n'kuyala tizidutswa take pa nyuzi motsatana, mmene malume anamuuzira pafoni ali chigonere.

Okutobala

Kutentha kwafika. Masana kukupitirira madigiri 40, ndiye tikuyamba ndi tochi kusanache, pofika 8 koloko tasonkhanitsa kale zida. Malume achira, aonda koma abwera.

Thanki ya petulo tinaitsitsa. M'kati munali utomoni wa petulo wakale ndi dzimbiri. Tinathiramo timiyala ta mumtsinje ndi palafini, n'kumaikunkhuniza pabwalo mpaka zotuluka zinayamba kuyera. Mapaipi onse a mphira tasintha, pamodzi ndi kachikopa ka m'pampu ya petulo. Petulo wa m'Malawi muno amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, ndipo ethanol wina amapangidwa konkuno ku Chikwawa ndi kampani ya PressCane kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Injini imayenda naye bwinobwino, koma mphira yakalekale yomwe yauma kale siimupirira, imafewa n'kuyamba kudontha. Pafupi ndi ekizozi yotentha zimenezo ndi moto, ndiye apa sitinaumire.

Kabuleta ndi ya Solex. Majeti, timabowo todutsa petulo, tinawapopera mpweya, osalowetsamo waya. Mapointi tinaika mpata wa 0.4 mm. Pa mawaya a mapulagi mnyamata uja anayamba kuwerenga masilinda kuchokera kutsogolo, malume n'kumugwira dzanja: "Iwe, a Peugeot amayambira kumbuyo. Nambala wani ili kufupi ndi giyabokosi." Dongosolo lake ndi 1-3-4-2, koma ukayambira kolakwika ukhoza kutha batire yonse injini ikungotsokomola.

Petulo wavuta mwezi uno, mizere ili ponseponse. Ndinapeza malita ochepa m'kachigubu, tinapachika pa mlimo wa chisakasa n'kulumikiza paipi molunjika ku kabuleta. Batire inali yobwereka kwa mnzanga wa chigayo. Tisanaike mapulagi tinazungulitsa injini ndi sitata mpaka nyale ya oyilo inazima, kuti zitsulo zisayambe kukhulana zouma.

Kenako malume anati, "Liza."

Inazungulira, n'kutsokomola, n'kuzima. Anapotoza distributor pang'ono, osayang'ana n'komwe, mutu atapendeketsa. "Bwereza." Inagwira. Poyamba masilinda atatu, chisakasa chonse chikunjenjemera, utsi wa dizilo uja uli tolotolo, mbuzi zitabalalika. Kenako yachinayi inalowa, phokoso n'kusalala. Mayi anatuluka m'nyumba atagwira chitenje kudzanja, anaima pakhomo osayankhula, kenako anayamba kulira. Anthu oyandikana nafe anabwera akuthamanga. Ine manja ankanjenjemera pa kiyi, sindinathe kunena kanthu.

Malume sanasekerere msanga. Anatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga pa injini, chigwiriro pakhutu, n'kumasuntha malo ndi malo. Akuti pansi pali bwino, mabering'i sakugogoda, koma valavu imodzi ya kumbuyo ikulankhula kwambiri. Tinaithimitsa isanatenthe, chifukwa redieta yomwe ilipo ndi yongotsukidwa, siyodalirika. Loweruka lotsatira, injini ili yozizira, tinakokanso mabawuti a mutu n'kukonza mipata ya mavalavu onse. Kaphokoso kaja katha.

Novembala

Mitambo yayamba kusonkhana cha ku mapiri a Thyolo, ndipo pabwalo pano m'pamene madzi amayambira kufika. Galimoto siionanso madzi achitatu ili pano. Kwa malume n'kokwererapo, ndiye cholinga cha mwezi uno chinali choti iyende yokha kukafika kumeneko mvula isanakhazikike.

Izi zinatanthauza mabuleki. Timasilinda ta m'mawilo tonse tinali titagwira dzimbiri. Tambiri tinatsukika ndi sandipepa yosalala n'kulandira mphira zatsopano, kamodzi kanadyeka kwambiri, tinachita kupeza kena kochotsa ku galimoto yakufa ku Bangula. Fumbi la m'madiramu akale musamalipopere ndi mpweya kapena kuliuzira ndi pakamwa, nsapato za nthawi imeneyo zambiri zinali ndi asbestos. Ife tinanyowetsa ndi madzi a sopo n'kupukuta ndi sanza. Mapaipi a mabuleki ofewa tasintha onse. Potulutsa mpweya mnyamata uja ndiye anali pa pedulo, ine pansi ndi botolo, malume akuwerengera.

Pansi pa dalaivala anawotcherera chitsulo chatsopano mnyamata wa pamsika yemwe amapanga mafelemu a mawindo. Tinadikira tsiku lomwe magetsi analipo. Mawaya a nyale ndi hutala sitinayambe, tangolumikiza oyatsira injini ndi otchajira batire.

Loweruka lapitali inayenda. Tinadzera njira ya kumunda, osakwera pa M1 poti ilibe mapepala, liwiro la njinga, mnyamata ali kumbuyo ndi zigubu za madzi a mvula yoyamba. Kilatchi ikugwirira pamwamba kwambiri, giya yachiwiri ikulira polowa, chiwongolero chili ndi mpata woti ndiutsatire. Singano ya kutentha inakwera kupitirira pakati titangodutsa theka la ulendo, tinaima pansi pa mtengo wa masawu mpaka inatsika. Tinafika. Ili m'shedi ya malume ya malata, pamwamba pa matabwa, batire yabwezedwa kwa mwini wake.

Zotsala ndalemba pa katoni yatsopano, yomwe tsopano yakhomedwa kwa malume: redieta ipite ku Blantyre akaisinthe timachubu tonse, pampu ya madzi iunikidwe, mawaya a nyale, kilatchi, matabwa a kumbuyo, matayala. Za kusintha umwini pa blue book, COF (pepala lotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshulansi ndidzayamba kuyendera ku Road Traffic galimoto ikadzakhala yoti ingakwere Thabwa. Nyengo ya dzinja Loweruka lambiri lipita kumunda, ndiye tagwirizana kuti ine ndi mnyamata tizipalasa njinga kupita kwa malume Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, kawiri pamwezi. Ntchito yoyamba pa katoniyo ndi kumasula redieta ndi kuyeza kukula kwake, kuti mlamu akamadzadutsa ndi thanki mu Disembala adzainyamule.